Malungo aakulu mwa ana: zimene zimachitika m'mitsempha ndi m'bongo

Uthengawu ndi wa anamwino, ma clinical officer ndi onse amene amalandira mwana wa malungo aakulu dokotala asanafike, kapena kumene dokotalayo kulibe n'komwe. Ndondomeko ya mankhwala mukuidziwa kale, ili pakhoma. Pano tikufotokoza zimene kachirombo ka Plasmodium falciparum kamachita m'thupi, chifukwa zambiri zimene ndondomekoyo imalamula ndi zimene imaletsa zimachokera pamenepo.

Kumene tizirombo timabisala

Udzudzu wa Anopheles ukaluma, tizirombo timapita kuchiwindi n'kuswana kumeneko pafupifupi sabata imodzi, munthu asakumva kalikonse. Tikatuluka timalowa m'maselo ofiira a magazi. Mmenemo kachirombo kamakula, kamagawikana, ndipo pakatha maola 48 selo limaphulika, tizirombo tatsopano n'kulowa m'maselo ena. Mitundu ina ya malungo imateronso. Kuopsa kwa falciparum kuli pa zimene amachita akayamba kukhwima m'selomo.

Amatulutsa puloteni yotchedwa PfEMP1 n'kuiika kunja kwa selo. Puloteniyi ndi yomata. Selo lija limakakamira kukhoma la timitsempha tating'ono kwambiri pogwira malo monga CD36, ICAM-1 ndi EPCR. Potero kachirombo kamapulumuka, chifukwa selo lomata silidutsanso m'kapamba momwe likanawonongedwa. Maselo omatawo amakokanso maselo ena abwinobwino n'kupanga timagulu, ndipo ngakhale maselo opanda kachirombo amauma, osapindikanso kuti adutse popanikiza. Magazi amayamba kuyenda movutikira m'bongo, m'matumbo, m'impso ndi m'mapapo. Kwa mayi woyembekezera, mtundu wina wa puloteni yomweyi, VAR2CSA, umamata m'nsengwa, n'chifukwa chake wa mimba yoyamba amakhala pa chiopsezo kuposa amene anaberekapo.

Kachiromboka kali ndi majini pafupifupi 60 opangira PfEMP1, ndipo kamasinthasintha. Thupi likazolowera mtundu umodzi, kamatulutsa wina. Chitetezo chimabwera pang'onopang'ono, munthu atadwala kambirimbiri, choncho kuno kwathu amene amafa kwambiri ndi ana osakwana zaka zisanu.

Malo a EPCR ndi ofunika kuwamvetsa. Ntchito yake ndi kudzutsa protein C, amene amaletsa magazi kuundana komanso amalimbitsa khoma la mtsempha. Selo la kachirombo likakhala pamenepo, ntchitoyi imaima. Timagazi toundana timayamba kupangika, mapulateleti amatsika, ndipo khoma la mtsempha limayamba kuchucha.

Kodi izi zikutanthauza chiyani pa wodi? Zimene a ku labotale amawerenga pa silaidi ndi tizirombo timene tikuyendabe m'magazi. Tokhwima, timene tikuwononga, tamata kale ndipo sitioneka. Mwana akhoza kukhala ndi "pulasi imodzi" koma ali pafupi kufa. Nayo mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, imangoti inde kapena ayi, ndipo imatha kuonetsabe malungo patapita masabata munthu atachira. Kukula kwa matenda muzikuona pa mwanayo, osati papepala.

Bongo

Zambiri zimene dziko lonse likudziwa za malungo a m'bongo mwa ana zinapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 1989, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yoyezera chikomokere mwa ana osatha kulankhula, Blantyre Coma Score. Mapointi ndi 5. Mwana akalondola ndi dzanja pamene mukumupweteka ndi 2, akangothawitsa chiwalo ndi 1. Kulira koyenera ndi 2, kubuula kapena kulira kwachilendo ndi 1. Maso akamatsatira nkhope ya mayi ake ndi 1. Mapointi 2 kapena kucheperapo ndiye chikomokere. Koma musafulumire kutchula malungo a m'bongo musanaone shuga, musanadikire kuti mwana atsitsimuke ku linjirinjiri, komanso musanaganizire za meninjaitisi.

Chenjezo limeneli lili ndi maziko ake. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2004 anayeza matupi a ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa kuti anali ndi malungo a m'bongo. Asanu ndi awiri mwa iwo anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Tizirombo tinalimodi m'magazi, koma sindito tinawapha. Kudera kumene ana ambiri amayenda ndi tizirombo osadwala, mRDT yoonetsa malungo imatha kutseka maso a wogwira ntchito. Chomwe chinasiyanitsa magulu awiriwo ndi kumbuyo kwa diso. Mitsempha ya mu retina imafanana ndi ya m'bongo, ndipo mwana wa malungo enieni a m'bongo amaonetsa mawanga oyera, mitsempha yosintha mtundu ndi timadontho ta magazi toyera pakati. Amene ali ndi ophthalmoscope, chipangizo choonera mkati mwa diso, aphunzire kuyang'anamo. Kumene kulibe, mwana aliyense wachikomokere alandire maantibayotiki monga ceftriaxone pamodzi ndi mankhwala a malungo. Chifukwa china n'chakuti matumbo amene mitsempha yake yatsekeka amalola mabakiteriya, makamaka Salmonella, kulowa m'magazi.

Nanga chimapha mwana n'chiyani kwenikweni? Makina a MRI atafika ku Queen Elizabeth mu 2008, funsoli linayamba kuyankhika. Zotsatira za Karl Seydel ndi anzake zinatuluka mu 2015. Mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi bongo wotupa kwambiri. Mwa opulumuka, kutupa kotereku kunapezeka mwa 27 pa 100 aliwonse. Chigaza sichifutukuka. Bongo ukatupa umakankhikira pansi n'kupanikiza tsinde lake, pamene pamayendetsa kupuma. Ana amenewa amasiya kupuma mtima ukugundabe. Ndipo mwa opulumukawo kutupa kunaphwa pakokha patapita masiku ochepa.

Apa ndi pamene ntchito ya namwino imalemera kuposa ya wina aliyense. Kapumidwe kosinthasintha, kodukiza, mwanadiso wa mbali imodzi kukula, thupi kuuma n'kupindikira kumbuyo, mapointi kutsika: zonsezi amaziona ndi amene ali pafupi ndi bedi. Ambu bag, yopopera mpweya mwana akasiya kupuma, ikhale pomwepo, osati m'kabati yokhoma ya ku ofesi. Mutu wa bedi ukwezedwe pang'ono, khosi likhale lowongoka, njira ya mpweya ikhale yoyera.

Mwina mungaganize kuti mankhwala ophwetsa kutupa angathandize. Anayesedwa. Dexamethasone anayesedwa ku Thailand pa kafukufuku amene anatuluka mu 1982, ndipo anatalikitsa chikomokere osapulumutsa moyo. Mannitol anayesedwa mwa ana ku Uganda, sanathandize. Phenobarbitone woperekedwa pofuna kupewa linjirinjiri lisanayambe anayesedwa ku Kilifi ku Kenya, zotsatira n'kutuluka mu 2000. Linjirinjiri linachepadi, koma imfa zinawirikiza kawiri, makamaka mwa ana amene analandiranso diazepam kangapo, poti onsewa amafooketsa kupuma. Linjirinjiri likayamba n'kupitirira mphindi zisanu lithetseni, koma werengani madozi amene mwapereka. Kumbukiraninso kuti lina silionekera. Chala kugwedera, mlomo kuphethira, maso kupendekera mbali imodzi kapena malovu kuchucha zikhoza kukhala linjirinjiri lomwe likupitirira.

Kupuma mozama ndi nkhani ya madzi

Minofu imene magazi sakufikako bwino imapanga mphamvu popanda okosijeni, n'kutulutsa asidi wotchedwa lactate. Tizirombo timatulutsanso wawo, pomwe chiwindi chimene chimayenera kumuchotsa nacho chili pa mavuto. Magazi amadzaza asidi, ndipo thupi limayesa kumuchotsa popuma mozama. Mwana wotere chifuwa chimamveka choyera, koma akupuma ngati wathamanga. Ambiri amalembedwa kuti chibayo. Chizindikirochi ndi chimodzi mwa zolosera imfa kwambiri, makamaka chikakumana ndi chikomokere kapena kuchepa kwa magazi.

Kale ankaganiza kuti asidiyu amabwera chifukwa madzi achepa m'thupi, choncho ankathamangitsa dilipi. Koma vuto lili m'timitsempha totsekeka, ndipo ngalande yodzaza zinyalala siitseguka pothiramo madzi ambiri. Kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania ndipo anatuluka mu 2011, anatsata ana oposa 3,000 otentha thupi amene magazi sankayenda bwino, oposa theka ali ndi malungo. Mwa amene anapatsidwa bolus, kutanthauza madzi ambiri othamangitsidwa nthawi imodzi, pafupifupi 10.5 pa 100 anamwalira m'maola 48. Mwa amene anangolandira madzi a mlingo wa nthawi zonse, anali 7.3 pa 100. Ana otsegula m'mimba kwambiri sanali m'kafukufukuyu, ndiye iwo asamanidwe madzi. Koma kwa mwana wa malungo aakulu, dilipi iyende pa mlingo wake, ndipo wina aziiyang'ana. Kwa akuluakulu ndi amayi oyembekezera, madzi ochuluka amathera m'mapapo.

Mkodzo uziyezedwa. Kuwonongeka kwa impso mwa ana kumachitika kawirikawiri kuposa mmene ankaganizira kale. Mkodzo wakuda ngati Coca-Cola ukusonyeza kuti maselo ofiira akusweka ambiri nthawi imodzi.

Shuga

Mwana amene wakhala masiku osadya, akutentha thupi, shuga wosungidwa m'chiwindi amatha msanga. Tizirombo tikudyanso yemweyo. Quinine amaonjezera vutoli chifukwa amachititsa thupi kutulutsa insulin wambiri, makamaka mwa amayi oyembekezera. Mwa mwana wachikomokere, shuga wotsika alibe chizindikiro chakechake. Yezani akangofika, yezani pafupipafupi, ndipo yezaninso akangosintha mwa njira ina iliyonse. Akatsika pansi pa 3 mmol/L, perekani 10% dextrose, 5 ml pa kilogalamu. Ngati choyezera palibe, perekani ndithu. Shuga amatha kutsikanso pakapita kanthawi, ndiye kupereka kamodzi si kumaliza.

Magazi

Kuchepa kwa magazi sikuchokera pa maselo ophulika okha. Pa selo limodzi la kachirombo, maselo abwino pafupifupi 8 mpaka 10 amachotsedwa ndi kapamba poti auma. Nthawi yomweyo mafuta a m'mafupa amaleka kupanga maselo atsopano mokwanira, ndipo thupi limatsekera ayironi. N'chifukwa chake Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, imatha kupitiriza kutsika tizirombo titafa kale. Hb ya 5 g/dL kapena kucheperapo mwa mwana ndi malungo aakulu. Mwana wa Hb yosafika 4 athiridwe magazi, chimodzimodzinso wa pakati pa 4 ndi 6 amene akupuma mozama kapena sakudziwa kanthu. Kwa mwana wotereyu, chimene chimachotsa asidi ndi magazi, osati saline.

Chifukwa chake artesunate

Quinine amapha tizirombo tokhwima, timene tamata kale. Artesunate amaphanso tating'ono timene tikuyendabe, tisanafike pomata. Kusiyanaku kunaoneka pa kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, wa ana 5,425 m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique. Imfa zinali 8.5 pa 100 kwa olandira artesunate, ndi 10.9 pa 100 kwa olandira quinine. Mlingo ndi 2.4 mg pa kilogalamu, koma 3 mg kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, chifukwa thupi laling'ono limachotsa mankhwalawa msanga. Jakisoni aperekedwe pofika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24 kuchokera pa jakisoni woyamba, ngakhale mwana atayamba kumwa. Kenako amalize LA yense wa masiku atatu. Ola lililonse lochedwa likupatsa tizirombo tina mpata womata, ndiye artesunate wolowetsa kotulukira chimbudzi amene a zaumoyo amapereka kumudzi kwa ana osakwana zaka 6 ndi wofunika. Koma ndi wongogulira nthawi ya ulendo. Mayi auzidwe momveka kuti mwana akaoneka bwino panjira asabwerere kunyumba.

Akatuluka m'chipatala

Maselo amene artesunate anapheramo tizirombo amabwezedwa m'magazi ndi kapamba, koma sakhalitsa. Odwala ena, makamaka amene anali ndi tizirombo tochuluka, magazi amatsikanso pakatha sabata imodzi mpaka atatu. Ana amene anagonekedwa ndi kuchepa magazi kwakukulu amakhalabe pa chiopsezo cha imfa miyezi ingapo yotsatira, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuwapatsa mankhwala oteteza malungo akatuluka. Wina mwa kafukufuku woyambirira wa njirayi anachitika kuno ku Malawi, motsogozedwa ndi Kamija Phiri.

Za bongo nazo sizithera pa geti. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2010 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka malungo a m'bongo anadzakhala ndi khunyu, kulumala kapena kusintha khalidwe, ndipo ena zinayamba patapita miyezi ataoneka kuti achira. Makolo akapanda kuuzidwa, amaganiza kuti ndi zina n'kupita kwina. Potulutsa mwana, lembani m'buku lake la kuchipatala kuti anadwala malungo a m'bongo, auzeni makolo zizindikiro zoti aziyang'anira monga kugwa, kusamva, kusalankhula kapena ukali wachilendo, ndipo apatseni tsiku lodzayezetsanso Hb.