Chiswambiya cha m'madzi oundana ndi mphutsi za mumgodi wa malasha

Amene anayang'anitsitsapo chiswambiya chili phee pa tsamba la chimanga akudziwa mmene chimatembenuzira kamutu kake n'kukupenya, manja atapinda, chikudikira chiwala choti chikhwatule. Mu 1957 kampani ya Universal-International ku America inatenga kachilombo komweka, n'kukakulitsa kuposa ndege, n'kukaika mufilimu ya The Deadly Mantis yomwe anatsogolera Nathan Juran. Nkhani yake njachidule. Phiri laphulika kutali kumwera, chivomezi chake chang'amba madzi oundana a ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo chiswambiya chomwe chinaumiramo zaka mamiliyoni ambiri chatsitsimuka chili ndi njala.

Sikunali kungosankha mwachisawawa kuti chilombochi chichokere kumpoto. Dziko la Soviet Union linali litaphulitsa bomba lake loyamba la atomiki mu 1949, ndipo njira yachidule yoti ndege zake zifikire mizinda ya America inali yodutsa pamwamba pa Arctic. Choncho America ndi Canada anamanga mzere wa masiteshoni a rada (makina oonera ndege zikadali patali), wotchedwa DEW Line, kuchokera ku Alaska mpaka ku Baffin Island. Ntchitoyi inatha m'chaka chomwecho cha 1957. Panalinso anthu wamba ongodzipereka a Ground Observer Corps, omwe ankakhala pamadenga ndi pansanja usana ndi usiku, maso kumwamba, foni pambali. Filimuyi imatha mphindi zingapo zoyambirira ikufotokoza za masiteshoniwa, chilombo chisanaoneke n'komwe. Choyamba kuphwasulidwa ndi siteshoni ya rada. Kenako chinthucho chimauluka kulowera kumwera, njira yomwe anthu ankaopa kuti adani adzadzera, chimakwera chipilala cha Washington Monument, n'kukafera mumsewu wapansi panthaka ku New York asilikali atachithira mpweya wapoizoni. Woonera wa nthawi imeneyo, yemwe ana ake ankaphunzitsidwa kusukulu kubisala pansi pa desiki bomba likagwa, sankafunika womumasulira.

Njira inali italambulidwa kale. Mu 1953 kunatuluka The Beast from 20,000 Fathoms, mmene chinyama chakalekale chinadzutsidwa ndi bomba loyesera ku Arctic, ndipo Ray Harryhausen ndiye anachiyendetsa pojambula kachidole pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi. Chaka chotsatira Warner Bros. inatulutsa Them!, ya nyerere zikuluzikulu za m'chipululu cha New Mexico, kumene bomba loyamba linayesedwa mu 1945. Nyerere zimenezo sizinali zamakedzana, zinakula chifukwa cha mphamvu ya bombalo, koma ndalama zomwe filimuyo inabweretsa zinatsegula maso a ena onse. Akangaude, ziwala, zinkhanira, zonse zinapeza filimu yakeyake pasanathe zaka zinayi. Zambiri zinkapangidwa mothamanga ndi ndalama zochepa, ndipo The Deadly Mantis nayo njodzaza ndi zithunzi zakale za ndege zankhondo zomwe anangosokerera.

Kwa ine, yomwe imandigwira mtima kwambiri inachokera ku Japan. Rodan ya mu 1956, ya kampani ya Toho, yotsogoleredwa ndi Ishiro Honda, imadziwika ndi chinyama chake chouluka, koma theka lake loyamba ndi la tizilombo ndi anthu a mumgodi. Tili m'mudzi wa ogumula malasha pachilumba cha Kyushu, pafupi ndi phiri la Aso. Madzi alowa m'ngalande yakuya. Munthu wapezeka akuyandama, thupi litachekedwachekedwa. Popeza womwalirayo anali atakangana ndi mnzake tsiku lomwelo, ndipo mnzakeyo sakuoneka, mudzi wonse waloza chala kwa iye, mlongo wake n'kusanduka wonyozeka pakati pa akazi amasiye. Zimene zapha anthuwa ndi mphutsi zikuluzikulu zotchedwa Meganulon, ana a tombolombo wamakedzana, zomwe mazira ake anagona pansi mpaka mgodi unazama n'kuzifika. Imodzi imatulukira pakhomo la nyumba usiku, anthu ali chikhalire pamphasa zawo.

Akatswiri a Eiji Tsuburaya, mkulu wa opanga zilombo za m'mafilimu ku Toho, anachita kupanga chovala chachitali cha mphutsiyo, anthu angapo n'kulowamo kuti miyendo iziyenda. Lero chimaoneka kuti n'chopanga. Koma nyali zapachipewa zikuthwanima m'madzi akuda ofika m'chiuno, ndi azimayi akuthamangira kuchipata cha mgodi kuti akamve amene watulutsidwa, zimenezo Honda sanapeke. Migodi ya ku Kyushu inkadyadi anthu. Patangopita zaka 7, mu 1963, mgodi wa Miike pachilumba chomwecho unaphulika n'kupha anthu 458. Pambuyo pake mufilimuyi, mnyamata wina yemwe anatsekeredwa pansi amakumbukira zomwe anaona: dzira lalikulu likuswa, ndipo mwana wa Rodan, chinyama chouluka chija, akujompha mphutsi zoopsa zija ngati nkhuku pa chiswe.

Dzina loti Meganulon silinangogwa kumwamba, ndipo mgodi wa malasha ndi malo ake enieni. Mu 1880, ku Commentry m'dziko la France, m'miyala ya malasha munapezeka chidindo cha mapiko a kachilombo kofanana ndi tombolombo. Charles Brongniart anakafotokoza mu 1885 n'kukatcha Meganeura, kutanthauza mitsempha ikuluikulu, chifukwa cha mizere ya m'mapiko ake. Kanakhalako zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, ndipo mapiko akatambasuka ankafika masentimita pafupifupi 70. Ku Kansas nako, m'dziko la America, kunapezeka mbale wake, Meganeuropsis, yemwe Frank Carpenter anamufotokoza mu 1939. Tayerekezani tombolombo wa padambo, mapiko ake otalika ngati mkono wa munthu wamkulu, akudutsa pamutu panu.

Pamenepo ndiye panali malire, ndipo chifukwa chake chagona pa kapumidwe. Tizilombo tilibe mapapu. Mpweya umalowa pa timabowo ta m'mbali mwa thupi, n'kuyenda m'timachubu ting'onoting'ono mpaka mkati. Thupi likakula kwambiri, mpweya sufika bwino kumalekezero. M'nthawi ya Meganeura, nkhalango za m'madambo, zomwezo zinadzasanduka malasha, zinachulukitsa okosijeni mumlengalenga kufika pa magawo 30 kapena kuposerapo pa 100 alionse, pamene lero ali 21. Akatswiri ambiri amati n'zimene zinalola tizilomboti kukula chonchi, komanso mbalame zoti n'kutisaka zinali zisanakhaleko. Chiswambiya chachikulu ngati ndege chikanabanika chisanatambasule n'komwe mapiko, ndipo miyendo yake ikanathyoka ndi kulemera kwa thupi.

Opanga mafilimu ena ankaidziwa nkhani ya Meganeura. Mu Monster on the Campus ya mu 1958, ya Jack Arnold, tombolombo wamba amatera pa nsomba ya coelacanth, mtundu uja unkaganiziridwa kuti unatha kalekale mpaka ina itakodwa muukonde kufupi ndi East London ku South Africa mu 1938. Atalawa magazi ake, amabwerera ku msinkhu wa makolo ake akale n'kumagunda pawindo la labotale. Pa tizilombo tonse ta m'mafilimuwa, ameneyu yekha ndiye ali ndi kukula kofanana ndi kwa chidindo chija cha ku Commentry, chomwe chikusungidwabe ku nyumba yosungira zachilengedwe mumzinda wa Paris.