Kodi mwini ndege yodzipangira angakonze yekha altimeter?

Ku America, munthu amene wadzipangira ndege m'garaja mwake ali ndi ufulu umene ngakhale makaniko wa chiphaso alibe pa ndege yochokera kufakitale. Ambiri sakhulupirira akamva, koma ndi mmene malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege m'dzikomo, analembedwera.

Titenge ndege ya kufakitale, monga Cessna. Singano ya altimeter, chida choonetsa kutalika kumene ndege yakwera, ikayamba kukakamira, makaniko wa chiphaso cha A&P, chokonzera thupi la ndege ndi injini, angathe kuchotsa chidacho n'kuikapo china. Kuchitsegula ayi. Ndime 65.81 ya malamulo a FAA imamuletsa, ndipo chidacho chimayenera kupita kumalo okonzera ovomerezeka.

Ndege yodzipangira imalembedwa m'gulu la Experimental, kutanthauza ndege zoyeserera. Ndime 43.1(b) imati Part 43, gawo lonena za amene angakonze ndege, silikhudza ndege zotere, pokhapokha ngati ndegeyo inakhalapo ndi chiphaso cha mtundu wina kale. Choncho mwini wake, kaya anaipanga yekha kaya anachita kugula, angathe kumasula kampasi n'kuthiramo madzi ake, kapena kutsegula altimeter, popanda kuphwanya lamulo. Kuyendera ndege yonse pakatha miyezi 12 ndiko kumafuna munthu wa chiphaso, monga makaniko wa A&P kapena wopanga ndegeyo amene anatenga chiphaso cha repairman, chomulola kuyendera ndege yakeyo.

Anthu amapunthwa pa Part 91, gawo la kaulukidwe, limene silisiya ndege iliyonse. Kuseri kwa altimeter kuli kapaipi kochokera pa kabowo kakang'ono ka m'mbali mwa ndege, kamene kamabweretsa mpweya wakunja. Mukangomasula kapaipi kameneka n'kukabwezeretsa, ndime 91.411 imati simungauluke modalira zida zokha, kumene amati IFR, mumlengalenga moyang'aniridwa mpaka njira ya mpweyayo itayesedwa ngati sikudontha. Woyesa amakoka mpweya mpaka singano ikwere mafiti 1,000, n'kudikira mphindi imodzi. Ikatsika mafiti oposa 100, penapake pakudontha, kawirikawiri pa nati imene munthu anaimanga mothamanga. Kuyesa kumeneku makaniko wa chiphaso cha airframe, chokonzera thupi la ndege, amaloledwa, koma kuyesa altimeter yeniyeniyo, kumene kumafunika pa miyezi 24 iliyonse ngati muuluka mwa IFR, n'kwa malo ovomerezeka kapena kampani yopanga ndege. Transponder, chida chodziwitsa oyang'anira zamumlengalenga pamene ndege ili, nayo imayesedwa pa miyezi 24 malinga ndi ndime 91.413.

Wina akandifunsa maganizo anga, kampasi ndimamulola. Altimeter ndimamuletsa, ngakhale lamulo silikuletsa. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kofufuma ndi kuphwa malinga ndi mpweya, ndi timagiya tating'ono ngati ta wotchi yapamkono. Chala chikakhudza molakwika, singano imatha kuonetsa bwinobwino ndege ili pansi, n'kuyamba kunama ikafika mafiti 8,000. Zimenezi simungazione patebulo la m'garaja popanda makina oyesera.

Musaiwalenso pepala la operating limitations, lonena za malire a kagwiritsidwe ntchito ka ndegeyo, limene FAA inapereka pamodzi ndi chiphaso cha ndegeyo. Mapepalawa amasiyana malinga ndi nthawi imene analembedwa, ndiye musadalire la mnzanu. Werengani lanu musanagwire sikuludiraiva, makamaka ndime yonena za zida zoulukira usiku ndi za IFR.