Nguwi yobisika m'nyumba: fungo la chinyontho musalizolowere

Mukatsegula chitseko n'kulandiridwa ndi fungo ngati la zovala zimene zagona m'beseni zili zonyowa, dziwani kuti penapake pamera nguwi, imene ena amati nkhungu kapena chuku. Kawirikawiri siionekera poyera. Imabisala kuseri kwa kabati yogunda khoma, pansi pa matiresi oyala pasimenti, kunsi kwa sinki, ndiponso pamwamba pa siling'i pomwe malata amadontha pabowo la msomali. Mukaona banga lachikasu pasiling'i, kumwamba kwake kunanyowa kalekale.

Nguwi imamwaza tinjere tosaoneka ndi maso, ndipo timatipuma usiku wonse mazenera ali chitsekere. Mu 2009, bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo osonyeza kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika ndi mphumu. Mwana amene amayetsemula, kutsokomola usiku ndi kutikita maso ali kunyumba, koma n'kupezako bwino akapita kwa agogo, mwina chikumudwalitsa ndi chipinda chake chomwe. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika, komanso amene anadwalapo TB, chifukwa nguwi ya mtundu wa Aspergillus imatha kumera m'mabala amene TB inasiya m'mapapo.

Chinthu chikanyowa, maola 24 mpaka 48 ndi okwanira kuti nguwi iyambe. N'chifukwa chake vutoli limakula m'dzinja, ndiponso nthawi ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, pamene zovala timayanika m'nyumba.

Kupaka penti pamwamba pa nguwi n'kutaya ndalama, imatulukanso. Yambani mwatseka pamene madzi akulowera: denga, paipi, ngalande yothira madzi m'munsi mwa khoma. Kabati muisunthe kuti mpweya uzidutsa kuseri, matiresi ndi mphasa muziyanika padzuwa, mazenera muzitsegula m'mawa uliwonse. Khoma litsukeni ndi sopo ndi madzi mutavala magolovesi ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, kenako liume gwa. Mukagwiritsa ntchito Jik, musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, amatulutsa mpweya wapoizoni. Siling'i kapena katoni yomwe yafewa ndi kuda, itayeni basi. Wodwala mphumu asagwire ntchitoyi.

Ngati mukuchita lendi, auzeni eninyumba msanga, muwaonetse malowo. Ndipo chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena mukatsokomola magazi, pitani kuchipatala mukayezetse, muwauzenso adokotala kuti nyumba yanu ili ndi chinyontho.