Kumene mizukwa ya m'mabuku a manga idachokera

Manga ndi mabuku a ku Japan osimba nthano m'zithunzi, ndipo mizukwa ya m'mabukuwa idachokera m'nthano zakale za kumeneko. M'nyengo imene a ku Japan amaitcha Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anthu ankasonkhana usiku m'nyumba imodzi n'kuyatsa nyali 100. Aliyense akamaliza kusimba nthano yake yoopsa ankazimitsa nyali imodzi. Ankakhulupirira kuti yomaliza ikathima, kubwera mlendo wosakhala munthu, choncho ambiri ankalekera pa nthano ya 99. Mpaka lero nthano zotere kumeneko ndi za nyengo yotentha, nthawi ya mwambo wa Obon, pamene amati mizimu ya makolo imabwera kudzaona abale ake.

Mzukwa wotchuka kuposa yonse ndi Oiwa, wa m'sewero limene Tsuruya Nanboku adalemba mu 1825. Oiwa adali mkazi wa Iemon, samurai (msilikali wa makedzana wa ku Japan) wosauka wopanda mbuye womutumikira. Banja lina lolemera lapafupi lidafuna kuti Iemon akwatire mdzukulu wawo, ndiye lidatumizira Oiwa chiphe ngati mankhwala, iye ali wofooka atangochira kumene. Nkhope idatupa, diso limodzi lidalendewera, ndipo pamene ankapesa tsitsi kuti akaonekere kwa anthuwo, tsitsilo lidayamba kusosoka pamodzi ndi magazi. Atamwalira sadam'patse mtendere mwamuna uja: kulikonse kumene Iemon ankayang'ana, ngakhale pa nyali, ankaona nkhope ija. Ochita zisudzo amapitabe kukapepesa kumanda kapena kukachisi wa Oiwa asanayambe kuonetsa seweroli. Palinso Okiku, wantchito amene adanamiziridwa kuti wataya mbale imodzi mwa khumi n'kuponyedwa m'chitsime. Usiku uliwonse amawerenga mbale zija, akafika pa yachisanu ndi chinayi amalira.

Awiriwa sadabadwe ali zilombo. Adali akazi amene adalakwiridwa m'dziko limene mkazi kapena wantchito adalibe bwalo lokadandaulako, ndipo imfa yokha ndiyo idawapatsa mphamvu yoti mlandu wawo umveke. Womvera amachita mantha, koma mtima wake uli kumbali ya mzukwa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona chikoka cha mabuku oopsa a manga.

Nthano ina yakale ndiyo idabala munthu wodziwika kwambiri m'mabukuwa. Mayi wina wotuwa ankabwera usiku uliwonse kwa wogulitsa maswiti ndi kandalama kamodzi. Patatha masiku asanu ndi limodzi ndalama zidam'thera, pakuti zidali zija amaika m'bokosi la maliro kuti wakufa alipire powoloka mtsinje wa kudziko la akufa. Wogulitsayo adam'londola mpaka kumanda, komwe adamva kulira kwa khanda pansi pa nthaka. Atafukula adapeza mayi woikidwa ali ndi pakati, mwana ali moyo m'manja mwake. Ku Kyoto kuli sitolo imene ikugulitsabe maswiti otchedwa dzina la mzukwa umenewu.

M'zaka za m'ma 1930 ntchito zitasowa, amuna ambiri adayamba kuyenda pa njinga ndi kabokosi ka zithunzi, kugulitsa maswiti kwa ana n'kumawasimbira nthano uku akusolola chithunzi chimodzichimodzi. Luso limeneli limatchedwa kamishibai, ndipo imodzi mwa nthano zake idali ya Kitaro, mwana wobadwira m'manda.

Amene adam'tenga Kitaro n'kumuika m'buku ndi Mizuki Shigeru. Adabadwa mu 1922 n'kukulira ku Sakaiminato, tauni ya asodzi, kumene gogo wina wothandiza pakhomo pawo, yemwe ankamutchula kuti Nonnonba, ankam'simbira za yokai, zinthu zodabwitsa zokhala m'mitsinje, m'denga la nyumba ndi m'njira za usiku. Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, adam'lemba usilikali n'kum'tumiza ku Rabaul, pa chilumba cha New Britain, ku Papua New Guinea wa lero. Anzake a pamalo pomwe ankalondera adaphedwa onse, iye yekha n'kupulumuka. Atayenda masiku angapo m'nkhalango n'kufika kwa akuluakulu ake, m'malo momulandira adam'kalipira kuti chifukwa chiyani sadafe nawo. Adadwala malungo, ndipo ali chigonere bomba la ndege lidam'pweteka mpaka adam'dula mkono wamanzere. Amene adam'dyetsa ndi kum'sunga ngati mwana wawo adali anthu a mtundu wa Tolai, eni nthaka, moti nkhondo itatha adafuna kukhala konko.

Adabwerera kwawo, najambula za kamishibai ndi mkono umodzi mpaka wailesi yakanema idapha malondawo. Kenako adalowa m'mabuku otchipa amene ana ankabwereka pa timasitolo polipira kandalama kochepa, ndipo mu 1960 adatulutsa Kitaro wake: mwana wa diso limodzi wotuluka m'manda a mayi ake, amene bambo ake adawola thupi lonse n'kutsala diso lokha, koma disolo lidamera manja ndi miyendo kuti lilere mwana. Chithunzi chimenechi chidachokera m'dzanja la munthu amene adaona matupi a anzake atatayidwa kutali ndi kwawo. Dzina loyamba la nthanoyi lidali ndi mawu oti manda, koma adawachotsa mu 1967 pokonzekera kuti nthanoyi ipite pa wailesi yakanema, n'kukhala GeGeGe no Kitaro.

Mu 1973 Mizuki adajambula nkhondoyo mosabisa, m'buku lonena za asilikali amene adalamulidwa kukafa onse, ndipo opulumuka adatumizidwanso kukafa chifukwa lipoti lidali litapita kale kuti afa. Mulibe mzukwa m'bukulo, komabe kwa ine ndilo loopsa kwambiri mwa onse amene adajambula.

Anthu ena amadabwa akamva kuti mabuku ambiri oopsa ankatuluka m'magazini a atsikana. Umezu Kazuo, wobadwa mu 1936 ndipo adakulira kumapiri a ku Nara, adatenga nthano za mkazi-njoka za kumeneko n'kuzilowetsa m'nyumba. M'nthano yake ya mu 1965, mtsikana amazindikira kuti amene watuluka m'chipatala ngati mayi ake si mayi ake, koma akauza akuluakulu palibe womukhulupirira. Mwana aliyense amene adaopapo munthu womulera amaimva nthanoyi popanda womumasulira. Umezu adamwalira mu 2024. Hino Hideshi, amene adabadwira ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, mu 1946 banja lake n'kuthawako ali khanda, adadzaza mabuku ake ndi magazi, nkhanza za m'banja ndi mthunzi wa bomba la atomiki.

Ito Junji, amene achinyamata a m'maiko ambiri akumuwerenga lero, adabadwa mu 1963 ku Gifu ndipo adakula akuwerenga Umezu. Ankagwira ntchito yokonza mano oikirira pamene adatulutsa Tomie mu 1987, nayonso m'magazini ya atsikana. Tomie ndi mtsikana amene anzake a m'kalasi ndi mphunzitsi wake adam'dula nthulinthuli kuti abise imfa yake, koma maliro atachitika adalowanso m'kalasi ngati palibe chachitika. Ito adanenapo kuti maganizowa adam'bwerera chifukwa cha mnzake wa kusukulu amene adafa pa ngozi ya pamsewu, moti iye ankangoona ngati tsiku lina atulukiranso. Nayo nkhondo sidachoke m'ntchito zake, ngakhale adabadwa patatha zaka 18 itatha: mu Gyo, buku la mu 2001, nsomba zowola zimatuluka m'nyanja zikuyenda ndi miyendo yachitsulo, ndipo gwero lake ndi chida chimene asilikali a Japan ankapanga mobisa, sitima imene idachinyamula itamizidwa m'nyanja.