Makata: moto umafewetsa mtedza, koma supha poizoni wa chuku

Mvula ikamalekeza cha mu Epulo, m'misika ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa mumayamba kuoneka mabeseni a makata, ndipo pakhomo pamene analima mtedza ana sadikira kuti uume. Ine ntchito yanga ndi yolangiza za kadyedwe, ndipo makata ndimawalimbikitsa ndi mtima wonse. Safuna mafuta ophikira, safuna shuga, komanso mtedza ukauma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi zomanga thupi. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo, mtedza uli m'gulu la zanyemba.

Kaphikidwe kake sikovuta. Tengani mtedza wauwisi wokumbidwa lero kapena dzulo, muutsuke kangapo mpaka madzi asiye kuda, chifukwa dothi limabisala m'timizere ta makoko. Ikani mumphika osasenda, thirani madzi okwanira kuumiza wonse, ndipo pa lita imodzi iliyonse ya madzi ikani mchere sipuni imodzi yaikulu. Mtedza umayandama, choncho vundikirani bwino ndi kumavundula mwa apo ndi apo. Wanthete umapsa mkati mwa ola limodzi, wokhwima ngati Chalimbana wa njere zikuluzikulu umatha kupitirirapo. Wotchi isakulamuleni: swani umodzi mulawe. Ukapsa njere imaphwanyika pakati pa zala ngati nyemba yakupsa, osati kukhukhuta m'kamwa. Madzi akachepa onjezerani otentha kuti kuwira kusaime.

Ambiri amadandaula kuti anathira mchere koma mkati simunamveke, ndiye ulendo wina amathira chodzaza dzanja. Vuto si kuchepa kwa mchere ayi. Chikoko chimachedwetsa madzi kulowa, ndipo madzi amchere ambiri amalowa mphika ukaphulidwa, pamene ukuzizira. Mukaphula, siyani mtedzawo m'madzi momwemo kwa theka la ola, kenaka mukhetse palichero. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi achepetse mcherewo, kapena akhetse madzi msanga. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Mtedza wouma nawo umaphikika, kungoti uyenera kugona m'madzi usiku wonse ndipo umadya nkhuni za maola angapo.

Koma chimene chandilembetsa ndi china. Pali chikhulupiriro chakuti chilichonse chimene chawira pamoto ndiye kuti chayera. Pa majeremusi oyambitsa kutsegula m'mimba, zimenezi n'zoona. Pa chuku cha mtedza, si zoona.

Chuku chimenechi, chimene akatswiri amachitcha Aspergillus flavus, chimakhala m'nthaka ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa poizoniyu m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati ku Lilongwe ndi ku Dedza safikanso pamenepo. Aflatoxin saphwanyika mpaka kutentha kutapitirira madigiri 200. Ndiye kuti mukhoza kutha mtolo wa nkhuni, chukucho n'kufa, koma poizoni amene chinasiya m'njere n'kutsala momwemo. Kuopsa kwake n'kwakuti nthawi zambiri sapweteka lero. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo ndi chimodzi mwa zoyambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B. Kwa ana, ofufuza apeza kuti amayenderana ndi kupinimbira.

Chuku chimalowera pamene chikoko chang'ambika: pamene khasu linadula pokumba, pamene chiswe chinaboola, kapena pamene mbewu inavutika ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo. Chimakondanso mtedza wauwisi wounjikidwa m'thumba kwa masiku, ukutentha ndi kutuluka thukuta. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya makata imachitikira palichero mphika usanakhale pamoto. Khalani pansi musankhe. Chotsani makoko osweka, oboola, akuda, ofewa ndi amene mukawasindikiza mulibe kanthu. Podya, njere yonyala, yosintha mtundu kapena yowawa lavulani, musameze pomva chisoni kuti mwataya chakudya. Kusankha sikuchotsa poizoni yense, pakuti njere ina imaoneka bwino ili naye, koma wochuluka amakhala m'njere zowonongeka zomwezo.

Chimene chimandiwawa ndikamayenda m'midzi ndi kuona kumene kumapita mtedza wosankhidwawo. Wabwino umapita kumsika, woipa umasinjidwa nsinjiro n'kulowa m'phala la mwana. Chonde, amayi ndi abambo, mtedza wotere si wa mumtondo. Si wa ziwetonso ayi, chifukwa ng'ombe ikaudya poizoniyo amatulukira mumkaka. Ukwirireni kapena muutenthe. Ndipo mwambo wowaza madzi pa mtedza wouma kuti usavute kuswa tiusiye, chifukwa chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimafuna.

Makata akapsa sakhalitsa. Ndi chakudya chonyowa, ndipo nyengo yotentha amayamba kunanda ndi kusasa tsiku lisanathe, makamaka akamangidwa mujumbo akadali otentha. Phikani okwanira tsikulo. Otsala ayanikeni palichero azizire, ndipo ngati muli ndi firiji asapitirire masiku atatu kapena anayi, powadya, awiritseninso. Pogula kumsika kapena pa depoti ya basi, gwirani chikoko: chikaterera ngati therere kapena chikamanunkha chosasa, asiyeni.

Mwana wosafika zaka zisanu musamupatse njere zathunthu, angatsamwe nazo. Muphwanyireni ndi sipuni musakanize m'phala. Ndipo wina akadya mtedza n'kutupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.