Chiphaso cha seva yanu ya imelo: chilembeni mu DNS, ndipo muchisamale

Imelo ikachoka ku Lilongwe kubwera ku ofesi yanu kuno ku Zomba, kaya ndi ya sukulu, ya chipatala kapena ya bungwe lililonse, maseva awiri amayamba alonjerana. Yotumiza imafunsa ngati yanu ingathe kubisa uthenga, njira yotchedwa STARTTLS, ndipo yanu imaonetsa chiphaso chake, chikalata cha pakompyuta chotsimikizira kuti ndi iyoyo. Pamenepa ndi pamene pali chibowo. Maseva ambiri a imelo amalandira chiphaso chilichonse osachifufuza, ndipo wakuba wobisala panjira angathe kufufuta mawu a STARTTLS aja, kalata n'kuyenda poyera, aliyense akuiwerenga.

Ngakhale makampani opereka ziphaso amene timawadalira amagwa. Mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a DigiNotar, kampani ya ku Netherlands, n'kudzipangira ziphaso zabodza kuphatikizapo cha google.com, ndipo anachigwiritsa ntchito pozonda anthu a ku Iran. Kampaniyo inatsekedwa chaka chomwecho.

Njira yotchedwa DANE, yomwe inafotokozedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 6698 mu 2012 ndipo ya imelo mu RFC 7672 mu 2015, imapatsa mwini dzina la pa intaneti mphamvu yolengeza yekha chiphaso chake. Mumalemba chidindo cha kiyi ya m'chiphaso chanu mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, m'rekodi yotchedwa TLSA. Seva yotumiza imayerekeza chidindocho ndi chimene seva yanu yaonetsa, ndipo zikasiyana, kalata siperekedwa.

Koma DNS yosatetezedwa inganamizidwenso, n'chifukwa chake DANE sigwira ntchito popanda DNSSEC, njira yosainira mayankho a DNS. Yankho lililonse limasainidwa, ndipo siginecha imodzi imatsimikizira inzake kuchokera pa tsinde la mayina onse, lomwe linasainidwa mu Julaye 2010, kutsika mpaka pa dzina lanu. Mphete yolumikiza dzina lanu ndi kholo lake, mwachitsanzo .mw, ndi rekodi ya DS, imene imaikidwa kudzera kwa amene munalembetsako dzinalo. Afunseni kaye ngati amalandira DS komanso ngati kholo la dzina lanu ndi losainidwa. Mphete imeneyi ikasowa, TLSA yanu palibe amene adzaiwerengere.

Rekodiyo imakhala pa dzina la seva lomwe lili mu MX, rekodi yotchula seva yolandira imelo yanu, osati pa dzina la bungwe, mwachitsanzo _25._tcp.makalata.chitsanzo.mw, ndipo 25 ndi doko la imelo. Imayamba ndi manambala atatu. Kwa ofesi yoyendetsa seva yakeyake, sankhani 3 1 1. Nambala 3 ikutanthauza kuti mukunena za chiphaso cha seva yeniyeniyo, 1 yoyamba ikuti chidindo ndi cha kiyi yapoyera yokha osati chiphaso chonse, ndipo 1 yachiwiri ikuti mwagwiritsa ntchito SHA-256, njira yowerengetsera chidindo. Manambala 0 ndi 1 pamalo oyambawo asiyeni, sanakonzedwere imelo. Chidindo mumachipeza motere (cert.pem ndi fayilo ya chiphaso chanu):

openssl x509 -in cert.pem -noout -pubkey | openssl pkey -pubin -outform DER | openssl dgst -sha256

Mutuluka zilembo 64. Ziwerengeni, chifukwa chimodzi chikatsalira pokopera, rekodi yonse yawonongeka.

Tsopano mvetsetsani mbali imene imagwetsa ambiri. Ziphaso za Let's Encrypt, bungwe lopereka ziphaso, zakhala zikutha pa masiku 90, ndipo pulogalamu yozitenga ya certbot, mukapanda kuiuza, imapanga kiyi yatsopano nthawi iliyonse ikamakonzanso chiphaso, kawirikawiri patatha masiku 60. Usiku umodzi kiyi yasintha, TLSA ikulozabe yakale. Inu simuona chachilendo: makalata ochokera ku maseva osafufuza DANE akufika monga mwa masiku onse. Koma ochokera ku maseva ofufuza, monga a Microsoft Exchange Online ndi ambiri a ku Netherlands ndi Germany, akuunjikana kumene achokera. Postfix, pulogalamu yoyendetsa seva ya imelo, imayesabe kwa masiku 5 kenako imabweza kalata kwa mwini wake. Ngati inali yankho la opereka thandizo la kafukufuku kapena la sukulu ya kunja, mudzamva mochedwa.

Mankhwala ake ndi awiri. Uzani certbot kuti isunge kiyi yomweyo ndi --reuse-key, pakuti 3 1 1 imayang'ana kiyi, ndipo chiphaso chingasinthe popanda kukhudza rekodi. Ndipo tsiku losintha kiyi likafika, tsatani ndondomeko osaipotoza: pangani kiyi yatsopano, onjezani TLSA yake pambali pa yakale, dikirani nthawi ya TTL kawiri (TTL ndi masekondi amene maseva ena amasunga yankho la DNS; ikakhala 3600, ndiye maola awiri), ikani chiphaso chatsopano pa seva, ndipo pomaliza chotsani rekodi yakale. Rekodi ziwiri zimakhalira limodzi bwinobwino, imodzi ikagwirizana ndi kiyi basi kalata yadutsa. Ine ndimalangiza kusunga kiyi ina yodikirira, TLSA yake ili kale mu DNS, kuti seva ikapsa ndi mphenzi m'dzinja musayambire pa kudikira.

Masiginecha a DNSSEC nawo ali ndi tsiku lothera. Kompyuta yosaina ikazima nthawi yaitali osakonzanso, dzina lanu lonse limasowa kwa aliyense wofufuza, webusaiti ndi imelo zomwe. Kuzimazima kwa magetsi kumabweretsanso lina: batire laling'ono la wotchi ya seva likafooka, makina amadzuka ndi deti lolakwika n'kuyamba kukana masiginecha abwinobwino. Sinthani batirelo ndipo yatsani NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti.

Kuti seva yanu izifufuzanso anzake potumiza, ikani Unbound, pulogalamu yofufuza masiginecha a DNSSEC, pa makina omwewo, ndipo mu Postfix lembani smtp_dns_support_level = dnssec ndi smtp_tls_security_level = dane. Poyesa, gwiritsani ntchito lamulo la dig +dnssec pa rekodi ya TLSA ndipo yang'anani chizindikiro cha ad m'yankho. Chikasowa, unyolo waduka penapake.

Chrome ndi Firefox sizifufuza TLSA, choncho webusaiti yanu ikufunikabe chiphaso cha masiku onse. Ntchito ya DANE lero ili pa imelo. Muikeni munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, ndi womulowa m'malo akapita kutchuthi, kuti aziyerekeza rekodi ndi kiyi ya pa seva tsiku lililonse, kapena ikani pulogalamu yochita zimenezo n'kutumiza chenjezo pa foni, osati pa imelo yomweyo imene ingakhale itafa.