Mafuta a m'thupi sangokhala phee

Ambiri muno mu Lilongwe amati mayi woyembekezera akanenepa kwambiri ndiye kuti ali ndi thanzi, ndipo mafutawo amangosungira mwana chakudya. Si zoona. Mafuta amatulutsa mahomoni, timadzi tomwe timayenda m'magazi n'kumalamulira kagwiridwe ka ntchito ka ziwalo.

Awiri odziwika ndi leptin, yomwe inadziwika mu 1994, ndi adiponectin. Adiponectin imathandiza homoni ina yotchedwa insulini kutsitsa shuga m'magazi, koma chodabwitsa n'chakuti mafuta akachuluka, iyo imachepa. Pamwamba apo, nsengwa nayo imatulutsa mahomoni ofooketsa insulini. Shuga amakwera, mwana amakula mopyola muyeso, kubereka kumavuta mpaka opaleshoni. N'chifukwa chake shuga wa pathupi amayezedwa pakati pa masabata 24 ndi 28.

Leptin imakwera pamodzi ndi mafuta, ndipo imapezeka yochuluka mwa amayi amene magazi awo amathamanga kwambiri pathupi pakadutsa masabata 20. BP ikafika 140/90, kapena mutu ukamawawa kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope itatupa, thamangirani kuchipatala monga ku Bwaila, osadikira tsiku lasikelo.

Musadzimane chakudya muli ndi pakati. Mayi amene anali kale wonenepa kwambiri asanatenge pakati amafunika kuwonjezera makilogalamu 5 mpaka 9 okha pathupi ponse.